Mwendo Wamanzere wa Mayi Telala

Chipinda chosokeramo chinali pamwamba pa sitolo ya zitsulo, ndipo munthu ankakwera masitepe khumi ndi anayi kuti akafikemo. Munali makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Mwini wake anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wofatsa, wosachulutsa mawu, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi Telala. Ankagwira ntchito ndi bambo mmodzi wosita zovala, wamtali ngati nsungwi, wosatopa kuyankhula. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale chifukwa anthu anazolowera kuwaitana kuti a Simbi.

Mwezi wina makina anakhala chete masiku khumi ndi awiri. Mayi Telala anagwidwa ndi chimfine chimene chinkayenda khomo ndi khomo. Sichinali cha kuyetsemula ndi mamina chabe ayi. Thupi linatentha ngati mbaula, m'mafupa munkaphwanya, chifuwa chinauma gwa, ndipo kungotembenuka pabedi inali ntchito. Mwamuna wawo, amene ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina, ankasiya benchi yake masana kubwera kudzawatembenuzira pilo ndi kuwamwetsa madzi pa sipuni. Azimayi a kwaya ya ku tchalitchi ankafika awiriawiri. Wina ankasesa, wina kutsuka mbale, kenako ankaima pakhomo la kuchipinda n'kupemphera motsitsa mawu kuti asamudzutse wodwala.

Kutentha kutatsika, anapita ku chipatala kukaonedwanso. Dokotala anawamvetsera m'chifuwa, n'kugwedeza mutu mosonyeza kukhutira.

"Thupi lazizira bwino, mayi," anatero dokotalayo. "Koma musathamange. Thupi likamamenyana ndi kachilombo kotere, nkhondoyo imafika mpaka m'mitsempha ya magazi. Mitsempha imatupa m'kati, ndipo magazi amakhala osachedwa kuundana. Zimenezi zimatha kupitirira masabata angapo kachilombo katapita kale, makamaka kwa munthu amene wagona nthawi yaitali ngati inu. Muziyendayenda. Muzimwa madzi ambiri. Musamakhale pamodzimodzi tsiku lonse. Mukaona mwendo umodzi watupa, kapena mpweya ukukuperewerani, musati ndipita mawa."

Mayi Telala anavomera zonse ndi mutu. Koma munthu wotopa ndi bedi amamva zimene mtima wake ukufuna. Pa mawu onse aja, amene anafika nawo kunyumba ndi oyamba okha: thupi lazizira bwino.

Lamlungu lotsatira anachita chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka makumi awiri zimene anakhala mu mpingowo. Itakwana nthawi ya maumboni, anaimirira.

"Ine sindidziwa kuyankhula pagulu," anatero. "Koma ndinali pakamwa pa manda, ndipo inu munandipempherera. Lero ndaima pano kunena kuti ndachira. Ndachiriratu. M'thupi muno simunatsale kanthu."

Anthu anaomba m'manja, ena anapukuta misozi. Potuluka, mayi wotsogolera kwaya anawagwira dzanja n'kuwauza kuti kwaya ikufuna mikanjo yatsopano makumi atatu, ndipo onse agwirizana kuti ntchitoyo ipite kwa iwo. Inkafunika pakutha pa masabata atatu. Azimayi aja anachita izi mwa chifundo, podziwa kuti mnzawo wakhala masiku ambiri osagwira lumo.

Kuthokoza Mulungu si kulakwa, ndipo palibe amene angawadzudzule Mayi Telala chifukwa choimirira tsiku lija. Chimene chinavuta n'chakuti mawu amene anawanena ndi chimwemwe anadzawasandukira goli.

Lolemba anakwera masitepe aja, akupuma kamodzi pakati. Makina awo anali amagetsi. Phazi lamanja ndi limene linkaponda, pamene mwendo wamanzere ankaupinda n'kuukoletsa ku thabwa la kunsi kwa mpando, ndipo unkakhala momwemo kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzi sankamwa. Chimbudzi chinali pansi, kuseri kwa nyumba, ndipo kiyi wake ankasunga ndi mwini sitolo ya zitsulo, bambo wa tsinya amene ankapereka kiyiyo ngati akupereka mwana wake. Kutsika masitepe, kukapempha kiyi, kukweranso, zonsezo Mayi Telala ankaziona ngati kutaya mkono wathunthu wa mkanjo. Choncho anaphunzira kukhala ndi ludzu.

A Simbi ankawaikira kapu ya madzi pafupi ndi chigongono m'mawa uliwonse, osanena kanthu. Madzulo ankaitenga ili yodzaza n'kuthira m'kachitini ka duwa pazenera.

"Duwa ili lanenepa ndi madzi anu, mayi," anatero tsiku lina. "Likadzayamba kusoka, ine ndidzalowa ntchito kwa ilo."

"Sitani makolala, a Simbi. Pakamwa panu pakanakhala pa magetsi, bwenzi tikulipira kawiri."

"Ine ndangokumbutsa. Paja adokotala anati chiyani?"

"Adokotala alibe mikanjo makumi atatu."

Lachinayi la sabata yachiwiri, katumba wa mwendo wamanzere anayamba kuwawa. Unali ululu wosachita phokoso, ngati wa munthu amene wayenda ulendo wautali. Pofika madzulo, lamba wa nsapato anakana kufika pa bowo lake la masiku onse. Mayi Telala anamumasula n'kumusiya akulendewera.

"Ndi makinawa," anatero ataona a Simbi akuyang'ana.

"Makina ake ati? Woponda ndi wamanja. Wamanzerewo umangokhala phee tsiku lonse. Ndiye ukudandaula chiyani? Kapena ndi wachibale wanga, wotopa usanagwire ntchito?"

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachisanu masana kunabwera mlamu wawo, mchemwali wamng'ono wa mwamuna wawo, amene anali namwino. Anabwera ndi yunifolomu yoduka zipi. Awiriwa ankagwirizana, ngakhale kuti kucheza kwawo kunali kotosana.

"Alamu, mundikonzere msanga, ndikulowa ntchito pompano. Ndipo musandiikire zipi ya matumba a ufa ngati ulendo watha."

"Zipi inalibe mlandu. Inu ndi amene mukukula cham'mbali."

Mayi Telala anadzuka kukatenga ulusi woyera pashelefu. Anangoyenda mapazi atatu, namwino uja kuseka kunamuthera.

"Taimani. Mukutsimphina chifukwa chiyani?"

"Palibe. Mwendo wangochita dzanzi."

"Takhalani pansi. Kwezani chovalacho."

"Alamu, muno si mu wodi."

"Ndati kwezani."

Namwino anagwada pa zidutswa za nsalu n'kuika chikhatho pa katumba wamanzere, kenako pa wamanja. Wamanzere anali wotentha, wolimba, khungu lili nyezinyezi. Anatambasula dzanja n'kuchotsa tepi yoyezera imene inali m'khosi mwa mlamu wake. Anayeza mwendo wamanja, n'kuyezanso wamanzere pa malo ofanana, kenako anatsina tepiyo ndi chikhadabo n'kuwaonetsa.

"Inu ndi amene mumakhulupirira tepi. Werengani nokha."

Kusiyana kwake kunali masentimita anayi. Mayi Telala anayang'ana manambalawo nthawi yaitali. Moyo wawo wonse anali asanatsutsanepo ndi tepi.

"Awa akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha," anatero namwino motsitsa mawu. "Chimfine chija chinasiya mitsempha yotupa, inu mwagona masabata awiri, kenako mwadzakhala pa mpandowu osamwa madzi. Chowopsa si mwendowu ayi. Chibulumwa cha magazicho chikathothoka, chimayenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo. Nyamukani, tipitire limodzi."

"Mikanjo yatsala khumi ndi iwiri."

"Mikanjo siifa."

"Ndipita Lolemba, ndikamaliza makolala."

"Lolemba ndi kutali, alamu."

Mayi Telala anayamba kupinda ndi kupindula kansalu m'manja. A Simbi anazimitsa simbi n'kutuluka kukaima pa masitepe, kuti asamve za eni ake.

"Munalipo Lamlungu lija," anatero Mayi Telala potsiriza. "Munandimva. Ndinaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti simunatsale kanthu. Ndiye mawa amve kuti ndagonekedwa? Adzati Mulungu anachiritsa theka? Kapena adzati mayi uja ananama?"

"Adzati mlongo wathu wadwala, tiyeni tikamuone. Mulungu sanakutumeni kuti mufere mawu anu."

"Inu a chipatala mumaona matenda ndi pa munthu woseka yemwe."

"Ndipo inu atelala mumaona msoko wokhota pa chovala cha mwini, chanu chikung'ambika."

Anakangana mpaka nthawi ya namwino inatha. Pomaliza anagwirizana kuti Loweruka m'mawa, namwino akamaweruka, akumane pa geti la chipatala. Mayi Telala anavomera ndi pakamwa pokha.

"Koma achimwene anu musawauze," anawonjezera. "Anavutika nane mokwanira. Ndiwauza ndekha."

"Muwauzedi. Ndipo mvetsetsani ichi: mwendowu musauthowe, musautikite, musalole munthu kuusisita. Mwamva?"

"Ndamva."

"Mukamva kubanika, kapena kulasa m'chifuwa, musadikire ine. Thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo."

"Ndamva, alamu. Tengani zipi yanu."

Madzulo amenewo anafika kunyumba dzuwa likulowa, akukoka mwendo. Mwamuna wawo anali pakhonde akutsuka phula la nsapato m'manja. Anawayang'ana kuchokera pa geti mpaka pakhomo, osafunsa kanthu. Anali munthu wotero: chikondi chake chinali m'manja, osati pakamwa. Analowa kukhitchini n'kutereka madzi. Atatentha, anabwera ndi beseni, kansalu, ndi kabotolo ka mafuta opaka.

"Amake ana, ikani mwendowo apa," anatero, akuika kampando patsogolo pawo.

Mayi Telala anatsegula pakamwa. Mawu a namwino anali pa lilime penipeni. Koma kunena kuti musathowe kukanabala funso lakuti chifukwa chiyani, ndipo funsolo likanabala chipatala, chipatala n'kubala mpingo wonse. Anayang'ana mutu wa mwamuna wawo uli chowerama, imvi zili mbuu pa liwombo, akufinya kansalu ndi kukayesa pa dzanja lake kaye kuti kasawawotche. Munthu uyu anali atawamwetsa madzi pa sipuni masiku khumi ndi awiri. Anatseka pakamwa n'kuika mwendo pa kampando.

Bambo aja anathowa mofatsa, kenako anapaka mafuta n'kuyamba kutikita ndi zala zawo zolimba za munthu wosoka zikopa, kuchokera pa akakolo kukwera mpaka kuseri kwa bondo.

"Mtsempha wakungika ngati chingwe," anatero. "Ukuwawa?"

"Pang'ono."

"Pirirani. Ukafewa mugona bwino."

M'mawa mwake anabwerezanso asanapite ku benchi yawo. Mayi Telala anathokoza, n'kutenga chikwama chawo. Pa mphambano pamene msewu wa ku chipatala umapatukira, anaima pang'ono. Kenako anazimitsa foni, kuiponya m'chikwama, n'kulunjika ku ntchito.

Tsiku limenelo anapuma katatu pa masitepe. A Simbi anawamva akubwera ndipo anawatsegulira chitseko.

"Ndimayesa muli ku geti la chipatala."

"Makutu anu ndi aatali, a Simbi."

"Masitepewa ndi amatabwa, mayi, mawu amadutsa. Ine sindine dokotala, koma nkhope yanuyi sindikuikonda. Ndikakuitanireni galimoto?"

"Mundipatse mkanjo wachikhumi ndi chisanu ndi chinayi."

Anasoka maola awiri. Cha m'ma leveni anadzuka kuti akaone pa galasi ngati mpendero wagwa mofanana. Atangokweza mkanjo m'mwamba, chinthu chinawalasa kunthiti yakumanja ngati nsonga ya lumo. Anakoka mpweya, mpweya sunabwere. Anakokanso, unangofika pakhosi n'kubwerera. Mtima unayamba kuthamanga ngati makina osoka opanda nsalu. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, kenako miyendo inawakana.

Kwa nthawi yoyamba chiyambire kugwira ntchito limodzi, a Simbi sananene nthabwala. Anawatsamiritsa ku khoma, anakankha zenera kuti litseguke lonse, n'kutsika masitepe atatuatatu akukuwa. Amene anakwera nawo pobwerera anali mwini sitolo ya zitsulo, bambo wa tsinya uja. Sanafunse funso. Anasiya sitolo ili pululu, makasitomala ali momwemo, ndipo awiriwo anawanyamula Mayi Telala pa mpando wawo womwewo mpaka pansi, n'kuwakweza m'galimoto yonyamulira simenti. Njira yonse bambo uja ankaliza hutala ndi dzanja limodzi, uku akunena mobwerezabwereza, "Pumani, mayi, pumani, tafika."

Pa geti anapeza namwino ali pomwepo, maso ali psuu ndi tulo. Anali atadikira maola atatu, akuimbira mlamu wake pa foni yozimitsidwa. Atatopa anaimbira mchimwene wake n'kumuuza zonse, ndipo bamboyo anali kale m'njira, akuthamanga ndi epuloni yake ya chikopa.

Madokotala anachita changu. Anawaika chopumira kumphuno, kuwabaya jakisoni wa mankhwala oletsa magazi kuundana, n'kuwajambula mwendo ndi chifuwa. Zinali monga namwino ananenera. Magazi anaundana mu mtsempha wa mwendo, chidutswa chinathothoka n'kukatseka mitsempha ina ya m'mapapo. Dokotala wamkulu wa wodiyo anauza achibale kuti mayiyo anafika nthawi itatsala pang'ono.

Mwamuna wawo anamvetsera ataima, chipewa chili m'manja. Dokotala atamaliza, iwo anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Adokotala, ine ndinawathowa dzulo. Ndi lero m'mawa. Ndinatikita kwambiri. Kodi ndi manja angawa?"

Dokotala anawayang'ana kaye asanayankhe.

"Bambo, palibe amene anganene motsimikiza. Magazi oterewa amatha kuthothoka okha, munthu atangokhala. N'zoona kuti mwendo wotere sitilola kuutikita. Koma inu simunadziwe. Chimene chikanathandiza n'kubwera tsiku limene unayamba kutupa."

Bamboyo anagwedeza mutu. Anapita kukakhala pa benchi ya pakhonde la wodi, manja ali pa mawondo, akuwayang'ana ngati a munthu wina.

Panapita masiku atatu Mayi Telala asanathe kunena chiganizo chathunthu osapumira pakati. Tsiku lachinayi, nthawi yoona odwala, mwamuna wawo anabwera ndi botolo la madzi ndi malalanje awiri. Anakhala pa mpando n'kuyamba kusenda, osayang'ana kumaso.

"Abambo," anatero Mayi Telala.

"Musayankhule, mutopa."

"Ndisiyeni ndinene. Alamu anandiuza Lachisanu masana kuti ndisathowe. Pamene inu munkabwera ndi beseni, ine ndinkadziwa."

Mpeni unaima pa lalanje.

"Munkadziwa."

"Eya."

"Ndiye munangondiyang'ana ndikutikita?"

"Ndinachita manyazi. Ndi mpingo, ndi inu. Ndinati ndikanena, zonse ziyambiranso."

Pa bedi loyandikana nalo wina ankakhosomola, ndipo panja ngolo ya mankhwala inkadutsa ikulira tayala limodzi.

"Masiku atatu awa sindinagwire nsapato," anatero bamboyo potsiriza. "Ndimati ndapha mkazi wanga ndi manja anga." Anausa moyo. "Mukanangonena liwu limodzi, amake ana. Ndikanakuberekani kumsana mpaka kuno."

"Ndikhululukireni."

Bamboyo sanayankhe kuti ndakhululuka. Anamaliza kusenda lalanje, anachotsa timinyewa toyera timene ankadziwa kuti mkazi wawo satikonda, n'kuwapatsa kachidutswa kamodzikamodzi mpaka linatha.

Azimayi a kwaya anayambanso kubwera awiriawiri. Mayi Telala ankawaona akulowa pakhomo la wodi n'kutembenukira kukhoma, akudikira funso limene ankaliopa. Funsolo silinabwere. Wina anawapesa tsitsi, wina anatenga zovala kukachapa, wina anangokhala n'kuwagwira dzanja. Mayi wotsogolera kwaya atabwera, Mayi Telala anayamba okha.

"Ndakuchititsani manyazi. Umboni uja..."

"Umboni uja unali woona tsiku limene munaunena," anawadula mayiyo. "Munadzuka pa bedi kapena simunadzuke? Ife tinapempherera moyo wanu, mayi, sitinapempherere kuti mawu anu asagwe pansi. Koma inunso ndinu ouma mutu, ndikuuzeni. Tikanakuikani m'manda titavala mikanjo yanu yomwe."

Mikanjo yotsala anamaliza ndi telala wina wa kumsika. A Simbi ndi amene anainyamula kupita nayo, pamodzi ndi kabuku ka miyezo, ndipo pobwera anadzanena kuti mipendero ya mnzawoyo ikuyenda ngati njoka yoledzera. Ananena dala kuti awaseketse. Mayi Telala anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa, mpaka namwino wa pa wodi anabwera kudzawathamangitsa a Simbi.

Anatuluka m'chipatala patapita masiku asanu ndi anayi. Anapatsidwa mapilitsi oti amwe tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa, ndipo anachenjezedwa kuti akadzicheka magazi azichedwa kuleka, choncho lumo ndi singano azizigwira mosamala. Ku chipinda chapamwamba chija sanathe kubwererako msanga. Makina anawatsitsa n'kuwaika pabalaza kunyumba, ndipo ankasoka pang'ono, kudzuka, kuyenda mpaka pa geti, kubwerera. Ntchito imene kale inkatha tsiku limodzi inkatenga masiku atatu. Makasitomala ena anadikira, ena anapita kwina, ndipo iwo sanawaimbe mlandu. Ku tchalitchi ankakhala kumbuyo. Nyimbo ikayamba ankaimba mzere woyamba, wachiwiri n'kungoyendetsa milomo, chifukwa mpweya sunkawafikitsa.

Mlamu wawo ankadutsa Lachiwiri lililonse kudzawerenga mapilitsi otsala m'kabotolo, ngati wosakhulupirira.

"Mukundiyesa mwana, alamu?"

"Mwana amamva. Inu ndinu telala."

Patapita miyezi itatu anapita kukaonedwanso, mwamuna wawo atawaperekeza. Dokotala anati mapapo akutseguka bwino, mwendo waphwa, koma mankhwala apitirize mpaka nthawi imene anauzidwa, ndipo adzabwerenso. Pobwerera anatsika basi pa siteji ya kufupi ndi kwawo n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Panali kamtunda kakang'ono, koti kale sankakazindikira n'komwe. Pakati pake Mayi Telala anaima n'kutsamira mpanda wa njerwa wa nyumba ina. Mwamuna wawo anaima nawo, n'kuyamba kuyang'ana nsapato za anthu odutsa ngati kuti ndi iwo amene afuna kupuma.

Mayi wina woyandikana nawo nyumba anatulukira ndi dengu la zochapa.

"Eee, anzathu! Mwachokera ku chipatala? Ndiye akuti bwanji, mwachira tsopano?"

Mwamuna wa Mayi Telala anayang'ana mkazi wawo, akudikira. Mayi Telala anayamba akoka mpweya kawiri.

"Akuti zikuyenda," anatero. "Lero ndadzuka, ndayenda mpaka pano. Ndikuthokoza Mulungu pa zimenezo. Zinazo tidzanena zikadzafika."

"Koma nkhope yabwerera, mayi."

"Nkhope inabwereranso ulendo woyamba uja."

Mayi wa dengu uja anapitirira. Awiriwo anakhalabe pa mpandapo kanthawi, mpaka kupuma kwa Mayi Telala kunakhazikika. Kenako bamboyo anatenga chikwama cha mkazi wawo n'kuchikoleka pa phewa lawo, ndipo anayamba kukwera mbali yotsala ya kamtundako, phazi limodzi, kenako linzake.

Matenda ena amachoka ngati mlendo waulemu, kutsanzika n'kutseka chitseko. Ena amakhala ngati mtsinje wosefukira: mvula imakata, dzuwa n'kuwala, koma madzi a kumtunda amakhala akubwerabe, ndipo amakokolola munthu amene walowamo poona kuti kumwamba kwayera. Mayi Telala anathokoza ndi mtima woona, koma anatseka makutu poopa kuti kuthokozako kungaoneke kwabodza, ndipo mtengo wake unali mpweya umene mpaka lero sunabwerere wonse. Akuluakulu sananame pamene anati: linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.